TV si mlezi: mwana akachedwa kulankhula musamuonjezere makatuni

Pafupifupi sabata iliyonse ndimamva mawu omwewa, ndipo ndatopa nawo. Mayi amabwera ndi mwana wa zaka zitatu. Ndikawafunsa kuti mwanayu masana amacheza ndi ndani, amayankha monyadira kuti, "Ameneyu savuta, timangomuyatsira makatuni. Chingerezi akuchitolera pomwepo." Ena amaonjezera kuti kumkombaphala sakumutumiza chifukwa zimene amaphunzitsa kumeneko pa TV ziliponso. Ntchito yanga ndi yophunzitsa alezi a sukulu za mmera mpoyamba komanso kuona ana amene akuchedwa kulankhula, choncho ndinene mosapsatira: mwana amene "savuta" chifukwa wakhala duu kutsogolo kwa TV kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nsima ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri.

Musandimve molakwa. Wailesi ya kanema itha kuphunzitsa mwana, ndipo umboni wake ulipo. Ku America, pulogalamu ya Sesame Street inayamba kuulutsidwa mu November 1969, pa kanema wosachita malonda wotumikira anthu onse. Joan Ganz Cooney ndi anzake anaikonza ndi cholinga chimodzi: ana a m'mabanja osauka, amene sankapita ku sukulu za mkaka, asamafike m'kalasi yoyamba ali m'mbuyo mwa anzawo. Sanangojambula zidole n'kuziponya pa kanema. Ankakhazika ana pansi, n'kumayang'ana pamene maso awo achokera pa chithunzi, n'kukonzanso gawo limenelo. Patapita zaka zambiri, mu 2015, akatswiri awiri, Melissa Kearney ndi Phillip Levine, anayerekeza madera amene pulogalamuyi inkagwira bwino ndi amene inkavuta kugwira. Anapeza kuti kumene inkagwira bwino, ana ambiri anali m'kalasi yogwirizana ndi msinkhu wawo, makamaka anyamata ndi ana a m'madera osauka. Ku South Africa, kanema wa dzikolo wa SABC anayamba kuonetsa Takalani Sesame m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 anabweretsamo Kami, kachidole kokhala ndi HIV, kuti ana asamasale anzawo. Ku Tanzania kuli bungwe lotchedwa Ubongo limene limapanga pulogalamu ya Akili and Me, yokonzedwera ana a kuno ku Africa.

Koma taonani chimene mapulogalamu amenewa akufanana. Anapangidwira ana a zaka zitatu mpaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, osati makanda. Amabwereza chinthu chimodzi kambirimbiri. Amafunsa mwana funso n'kumupatsa mpata woti ayankhe. Amalankhula chinenero chimene mwanayo amamva. Ndiye tandiuzani, zimene mwana wanu amaonera pa dikoda kapena pa foni yanu zili choncho? Zambiri ndi zithunzi zothamanga, phokoso, kuthamangitsana ndi kumenyana, m'Chingerezi cha anthu a kutali. Kwinanso si makatuni n'komwe. Ndi filimu ya ku Nigeria imene akuonera akuluakulu, kapena ya nkhondo ku vidiyo ya pamsika, mwana ali pamiyendo ya mkulu wake.

Za makanda ndiye sindinyengerera. Mu 2003, Patricia Kuhl wa ku University of Washington anatenga ana a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena anawakhazika ndi munthu wolankhula Chitchaina cha Mandarin, akusewera nawo ndi kuwaonetsa mabuku, maulendo 12. Ena anaonetsedwa anthu omwewo akulankhula zomwezo, koma pa kanema. Ana amene anakhala ndi munthu weniweni anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chinenerocho. A pa kanema aja sanatolepo kanthu, anangofanana ndi ana amene sanamvepo Chitchaina. Khanda limaphunzira kulankhula poyang'ana pakamwa pa munthu amene akuliyang'ananso. Likati "ba", mayi amati "eee, baba abwera", ndiye limayesanso. TV siyankha. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo n'kwabwino koposa. Ola limodzi. Foni ilinso m'gulu lomwelo.

Makolo ambiri amaganiza kuti kukonzekera Sitandade 1 ndi kuloweza ABC ndi kuwerenga mpaka 20 m'Chingerezi. Funsani mphunzitsi aliyense amene ali ndi ana odzaza kalasi, ena atakhala pansi mpaka pakhomo, akuuzani zina. Iye amafuna mwana woti akamuuza kuti "tenga buku, ukhale pafupi ndi mnzako", achite zonse ziwiri. Wotha kunena kuti akufuna kupita kuchimbudzi. Wogwira pensulo osaifumbata ngati mpini wa khasu, wodikira nthawi yake, wotha kufotokoza zimene zinachitika dzulo kunyumba moyamba ndi potsiriza pake. Wozindikira ndi khutu kuti "mbuzi" ndi "mbale" akuyamba mofanana, poti kuwerenga Chichewa kumayambira pamenepo. Ndaonapo ana oimba ABC yonse bwinobwino, koma ukawafunsa kuti "nsapato zako zili kuti?" amangobwereza kuti "zili kuti". Kumeneko si kulankhula. Agogo akamati "Padangokhala", adzukulu n'kuyankha "Tili tonse", mwana amaphunzira kumvetsera, kudikira ndi kulowa pa nthawi yake. Masanje, phada, kuumba ng'ombe zadothi, kusankha nyemba ndi amayi pa lichero, zonsezi zimakonza zala ndi mutu wa mwana kuposa maola asanu a makatuni.

Nanga kanema wa fuko achite chiyani? Kuno TV ya dziko inayamba mu 1999, ndipo pano ili pansi pa MBC. Wailesi yoyendera misonkho ya anthu ili ndi ngongole kwa ana amene makolo awo sangakwanitse kulipira dikoda mwezi ndi mwezi. Chimene ine ndingapemphe si chachikulu: mphindi 30 tsiku lililonse, nthawi yosasinthasintha, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina zathu, zokonzedwa pamodzi ndi alezi ndi aphunzitsi a Sitandade 1, zoyesedwa pa ana enieni zisanaulutsidwe, ndiponso zokhala ndi womasulira m'chinenero chamanja. Mukhale mbuzi, chigayo, mjigo ndi minibasi, zinthu zimene mwana akatuluka panja akazionanso. Komanso tisadzinamize. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Ana ambiri a dziko lino TV saiona, ndiye chilichonse chokonzedwera kanema chikhalenso ndi mnzake wa pa wailesi. Amene munaphunzitsa ku pulayimale mukukumbukira Tikwere, pulogalamu ya pa wailesi ija yophunzitsira ana m'kalasi. Mphamvu yake sinali mu wailesimo ayi. Inali mwa mphunzitsi amene ankaima pafupi, wailesi ikati "ana imirirani", iye n'kuwaimiritsa. TV nayonso n'chimodzimodzi. Ngati mwana akuonera, khalani naye. Mufunseni kuti galu uja wapita kuti, muwerenge naye limodzi, ikatha muzimitse, mupite panja mukawerenge nkhuku.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandisowetsa tulo.

Zaka zingapo zapitazo anandibweretsera mnyamata wa zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Anali waukhondo, wonenepa bwino, maso ochangamuka. Makolo ake onse anali pa ntchito, anthu ophunzira, okonda mwana wawo. Ankafuna kuti ndimukonzekeretse chifukwa chaka chotsatira amayenera kuyamba Sitandade 1, koma mawu amene ankatchula anali osakwana khumi, ndipo ngakhale amenewo ankamveka kwa amayi ake okha. Ndinafunsa kuti anayamba liti kuda nkhawa. Mayiwo anati ali ndi zaka ziwiri. Ndinafunsa chimene anachita. Anati apongozi anawauza kuti ana aamuna amachedwa, bambo akenso anachedwa. Mnzawo wa kuntchito anawalangiza kuti amugulire makatuni ophunzitsa, ndipo anagula. Mwanayo ankawakonda kwambiri. Bambo ake anati, "Amakhala pafupi penipeni ndi TV, rimoti salola kuti wina aigwire, amakweza voliyumu mpaka aneba kudandaula. Ndiye tinkati akumva bwino, wangokhala waliuma."

Atanena za voliyumu mtima wanga unagunda. Ndinamupatsa mwanayo zitsekerero za mabotolo kuti aziseweretsa, ndinazungulira kumbuyo kwake, n'kumuitana dzina lake. Sanatembenuke. Ndinaitananso mokweza. Zii. Ndinamenya supuni pa kapu yachitsulo pafupi ndi khutu lake lamanzere, iye ali kalikiliki kusanja zitsekerero zija mwa mitundu yake, mwaluso ndithu. Nditamugwira paphewa anadzidzimuka n'kundimwetulira.

Ndinawapempha buku lake la kuchipatala. Munali malungo aakulu ali ndi chaka chimodzi ndi theka, anagonekedwa masiku angapo. Munalinso mafinya m'khutu, kawiri konse. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, khutu linasiya liti kutuluka mafinya?" Anati limasiya n'kuyambiranso, ndipo ankangolipukuta ndi thonje.

Chimene chimandipweteka n'chakuti m'zaka zitatu zimenezo makolowa sanakhale chete. Anayenda. Anapita kwa sing'anga amene anati lilime ndi lomangika, n'kumucheka pansi pa lilime ndi lezala. Mwana anatha sabata akulephera kudya. Anapita kwa wina amene anati achibale anamutsekera mawu, anamutemera mphini pakhosi, mbuzi inapita. Anapita kwa mneneri amene anawagulitsa madzi oti azimudonthezera m'kamwa ndi m'makutu, m'makutu momwe munali kale mafinya. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa amene anaima kumbuyo kwa mwanayo n'kumuitana dzina. Atakamuyeza ku chipatala chachikulu anapeza kuti makutu onse awiri samva bwino, lamanzere ndiye kwambiri. TV ija ankaikonda chifukwa ndi chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene ankatha kuchitsatira ndi maso okha, ndipo iyo inabisa vutolo, chifukwa aliyense ankaona mwana wotanganidwa, wosalira.

Makolo anzanga, mawu akuti "adzalankhula yekha" awononga ana ambiri. Inde, alipo ana amene amachedwa n'kudzalankhula bwinobwino. Koma inu simungadziwe kuti wanu ali m'gulu liti pongomuyang'ana, ndipo apongozi anunso sangadziwe. Zaka zoyambirira ndi pamene ubongo umagwira chinenero mosavuta, ndipo zikadutsa sizibwerera. Mwana wa chaka chimodzi amene satembenuka mukamuitana, salozera chinthu ndi chala, sabwebweta "mamama" kapena "bababa", mupite naye. Wa chaka ndi theka wopanda liwu ndi limodzi lomwe, mupite naye. Wa zaka ziwiri amene salumikiza mawu awiri monga "ndikufuna madzi" kapena "amama bwerani", mupite naye. Amene ankalankhula kenako n'kusiya, musadikire n'komwe tsiku la sikelo. Ndipo mwana aliyense amene wadwalapo malungo ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, chikasu chachikulu atangobadwa, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, ayezedwe makutu ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Poyambira ndi pa sikelo pomwepo. Muuzeni mlangizi wa zaumoyo kapena anamwino mosazungulira kuti, "Mwana wanga sakulankhula, ndikufuna ayezedwe makutu." Akakuuzani kuti dikirani, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha boma, ndipo musachite manyazi kubwereranso. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo oyezera makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College. Kuyezako sikupweteka, ndipo ngakhale khanda limayezedwa. Si mwana aliyense wochedwa kulankhula amene ali ndi vuto la makutu. Ena ndi vuto la kakulidwe ka ubongo, ena ndi kupinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, enanso angosowa wolankhula nawo. Koma makutu ndiye poyambira, ndipo palibe mwa mavuto amenewa limene limatha ndi lezala. Aliyense amene akufuna kucheka mwana wanu m'kamwa kunja kwa chipatala, nyamulani mwanayo muzipita. M'khutu musathiremo mafuta, madzi a masamba, kapena madzi a kwa mneneri. Mupemphereni mwana wanu, inenso ndimapemphera, koma m'mawa mwake mukwere naye minibasi.

Akapezeka kuti samva bwino, njira zilipo. Pali makina othandiza kumva, pali chinenero chamanja chimene mwana wamng'ono amachigwira msanga ngati a m'banja aphunzira naye, ndipo pali sukulu za ana osamva monga Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba.

Mnyamata uja anamuika makina m'makutu onse awiri ali pafupi kukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Sitandade 1 sanayambe chaka chimenecho. Tinagwirizana ndi makolo ake kuti TV iziyaka theka la ola madzulo, bambo ake ali pambali, ndipo nthawi yotsalayo azimulankhula akumuyang'ana kumaso, pomusambitsa, pophika, popita kuchigayo. Mawu anayamba kubwera, koma mochedwa ndiponso movutikira, ndipo ena sakumveka bwino mpaka lero. Ulendo womaliza umene ndinawaona, mayi ake anatulutsa buku la kuchipatala lija, n'kutsegula tsamba la malungo aja, n'kundifunsa kuti, "Tikanabwera nthawi imeneyi, bwenzi pano akulankhula ngati anzake?" Ndinawauza zoona, kuti mwina osati ndendende ngati anzake, koma bwenzi ali patali kwambiri kuposa pamene ali. Anatseka bukulo n'kumuitana mwana wawo kuchokera kumbuyo, ndipo ulendo wachiwiri anatembenuka.