Diso longotuluka misozi: opaleshoni yodzera m'mphuno

Odwala ambiri amalowa m'chipinda changa cha kuchipatala kansalu kali m'manja, akupukuta diso limodzi lomwe likungochucha misozi popanda maliro. Chimene amadandaula kwambiri n'chakuti aliyense amene akumana naye amafunsa kuti, "Mukulira chiyani?"

Misozi ili ndi ngalande yake. Imani pagalasi n'kukokera pansi chikope cham'munsi, muona kabowo ngati koboola ndi singano chakufupi ndi mphuno. Chikope cham'mwamba chilinso nako. Misozi imalowa mmenemo, imasonkhana m'kathumba kamene kali pambali pa mphuno, kenako n'kutsikira m'mphuno kudzera m'kampaipi. N'chifukwa chake munthu akalira mamina amachuluka. Kampaipika kakatsekeka, misozi imasefukira patsaya, ndipo yotsalira m'kathumba ija imatha kuchita mafinya, pakona pa diso n'kutupa mopweteka.

Opaleshoni yake, imene mwachidule timaitchula kuti DCR, simatsegula kampaipi kotsekekako ayi. Timaboola kafupa kolekanitsa kathumba ndi mphuno kuti misozi ipeze njira yachidule. Dokotala wa ku Italy, Addeo Toti, ndiye anafotokoza mu 1904 njira yocheka khungu pambali pa mphuno. Masiku ano tingathe kudzera m'mphuno momwemo ndi kachipangizo koonda kokhala ndi nyali ndi kamera, maso athu ali pa sikirini, ndipo pankhope sipatsala chipsera. Kawirikawiri timasiyamo kachubu kofewa ka silikoni kwa milungu ingapo, kuopa kuti bowolo lingatsekeke pochira. Mwa anthu 10, pafupifupi 9 amapeza bwino. Njira yocheka kunja ija musaiderere, imagwiranso ntchito chimodzimodzi m'manja mwa wozolowera.

Komatu si diso lililonse lamisozi lomwe latsekeka ngalande, ndipo apa ndi pamene ndimakhumudwitsa ena. Diso louma nalonso limatulutsa misozi yambiri chifukwa chonyerenyetsa. Chikope cholendewera ndi ukalamba, kapena tsitsi la m'zikope lokanda diso, n'chimodzimodzi. Woteroyo ngakhale timuboole fupa, kansalu kaja sakasiya. Choncho timayamba tapopera timadzi tamchere pakabowo kaja ndi kachubu kosabaya. Wodwala akamva timadzito kukhosi, ndiye kuti njira ndi yotseguka. Timadzito tikabwerera, makamaka ndi mafinya, nkhani ya opaleshoni ingayambike.

Makanda obadwa ndi vutoli sitiwathamangira: ambiri kanjirako kamatseguka kokha asanakwanitse chaka, ndipo podikira kholo lizisisita pakona pa diso monga momwe talionetsera.

Ngati mumamwa aspirin kapena warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, nenani msanga opaleshoni isanachitike, chifukwa m'mphuno simuchedwa kutuluka magazi. Opaleshoni ikatha, kamfuno wapang'ono ndi wosadabwitsa, koma musamine kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukadzayambiranso kumina, ena mudzamva kamphepo kakutulukira pakona pa diso. Ambiri amabwerera ali ndi mantha pa chimenechi, ine ndimangomwetulira, poti ndiye kuti bowolo likadali lotseguka.