Goli litadulidwa pa mudzi wa Mbame

Ophunzira anga akamva kuti akapolo anamasulidwa, amaganiza kuti nkhani inathera pomwepo, aliyense n'kubwerera kwawo. Zimene zinachitika pa mudzi wa Mbame, kumapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, mu 1861 zimatiuza zina.

David Livingstone anali pa ulendo ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Angilikani ya Universities' Mission to Central Africa (UMCA) pamene mdipiti wa anthu 84 omangidwa unalowa m'mudzimo, ukupita ku Tete. Oyendetsa akapolowo ataona azungu analiyatsa liwiro kuthawira m'tchire. Livingstone ndi anzake anadula zingwe za amayi ndi ana ndi mipeni, koma amuna anali m'magoli: mtengo wamphanda wokolekedwa m'khosi, wotsekedwa ndi chitsulo. Apa panafunika sowo. Kenako anthuwo anauzidwa kuphika ufa umene anasenza, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwewo.

Tsono apite kuti? Midzi yawo inali itabalalika ndi nkhondo, ndipo mwana woyenda yekha akanagwidwanso dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake anatsatira Mackenzie ku Magomero, m'boma la Chiradzulu lero, kumene mfumu Chigunda inapereka malo. Mishoni inasanduka linga la othawa. Pakamwa podya panachuluka, ndipo powateteza amishoni ananyamula mfuti n'kukatentha misasa ya Ayao, chinthu chimene chinawadzudzulitsa kwawo ku England. Kwa ine, cholakwa chawo chinali kuona Ayao onse ngati ogulitsa anthu, pamene ambiri anali othawa kwawo nawonso.

Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Chilala ndi njala zinatsatira, mishoni inatsikira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, ndipo pofika 1864 inali itasamukira ku Zanzibar. Ena mwa omasulidwawo anatengedwa kupita ku Cape Town. Malonda a anthu sanaleke. Ku Karonga anatha Mlozi, mkulu wa ogulitsa akapolo kumeneko, atapachikidwa mu 1895.

Pakati pa ana amene anapulumutsidwa chaka chimenecho cha 1861 panali mnyamata wachiyao dzina lake Chuma. Iyeyu ndi amene mu 1873 mpaka mu 1874, pamodzi ndi wantchito mnzake Susi, anatsogolera onyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka ku gombe la Bagamoyo.