Mapangano otetezana a mayiko a ku Ulaya isanayambe nkhondo ya 1914: mafunso ndi mayankho

Kodi pangano lotetezana linkanena chiyani kwenikweni?

Linkanena kuti mnzako akaukiridwa, iwe usangoonerera. Mu 1879 Otto von Bismarck, mkulu wa boma la Germany, adamanga pangano ndi Austria-Hungary lakuti Russia ikathira nkhondo mmodzi wa iwo, winayo adzalowapo ndi asilikali ake onse. Woukirayo akakhala wina, osati Russia, mnzakeyo ankangoyenera kukhala pambali osathandiza mdani. Italy idalowa m'gululi mu 1882. Mawu oyenera kuwagwira ndi akuti "akaukiridwa". Woputa dala ndewu sankalonjezedwa thandizo.

France ndi Russia zidagwirizana bwanji, chikhalirecho maulamuliro awo anali osiyana kwambiri?

Mantha ndi ndalama. France idagonja kwa Germany mu 1871, idalandidwa Alsace ndi mbali ya Lorraine, ndipo inalibe bwenzi lamphamvu. Bismarck ankadziwa kuti France ikangopeza Russia, Germany idzakhala pakati pa moto uwiri, choncho mu 1887 adachita pangano lachinsinsi ndi Russia. Atachotsedwa pa udindo mu 1890, boma la Wilhelm II, mfumu ya Germany, silidalipitirize panganolo. Russia, yomwe inkafuna ngongole zomangira njanji ndi mafakitale, idatembenukira ku Paris. Pofika 1894 mgwirizano wa awiriwa unali utatheka: Germany ikaukira mmodzi, France idzatulutsa asilikali 1,300,000 ndipo Russia pakati pa 700,000 ndi 800,000.

Nanga Britain idasainira kuti idzamenyera France?

Ayi. Apa ambiri amasokoneza. Mgwirizano wa 1904 unali wothetsa mikangano ya atsamunda okhaokha: Egypt kwa Britain, Morocco kwa France. Wa 1907 ndi Russia unkakamba za Persia, Afghanistan ndi Tibet. Lonjezo la asilikali munalibemo, ngakhale akuluakulu a nkhondo a London ndi Paris ankakambirana mwakachetechete. Chikalata chomwe Britain idatchula polowa nkhondo ndi chakale, cha 1839, cholonjeza kuti Belgium isamaputidwe.

Ndiye mapanganowa ndi omwe adabweretsa nkhondo?

Ine ndimaona kuti mapepalawa amasenzetsedwa mlandu woposa msinkhu wake. Taonani mndandanda. Franz Ferdinand, yemwe ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, adaphedwa ku Sarajevo pa 28 June 1914, ndipo Austria-Hungary idaloza chala Serbia. Kumayambiriro kwa July, Germany idauza Austria-Hungary kuti ichite ndi Serbia monga ikufunira ndipo idzaithandiza, chinthu chimene pangano la 1879 silinkalamula. Pa 28 July Austria-Hungary idalengeza nkhondo ndi Serbia. Russia idaima ndi Serbia popanda pangano lililonse loikakamiza, ndipo pa 30 July idalamula kusonkhanitsa asilikali ake onse.

Kusonkhanitsa asilikaliko ndiye kunali koopsa. Kunkayendera ndondomeko ya sitima zapamtunda yokonzedwa zaka zambiri m'mbuyo, ndipo aliyense ankaopa kutsala m'mbuyo ngakhale ndi masiku awiri. Dongosolo la Germany linali lakuti igonjetse France msanga, podutsa m'Belgium, Russia isanakonzeke. N'chifukwa chake mkangano wa ku Balkans, dera komwe kuli Serbia, udafikitsa asilikali a Germany kumadzulo: nkhondo ndi Russia pa 1 August, ndi France pa 3, kulowa m'Belgium pa 4, ndipo tsiku lomwelo Britain nayo idalengeza nkhondo.

Kodi dziko likadatha kukana kulowa ngakhale lidasaina?

Italy idakana. Idati Austria-Hungary ndiyo idayamba, ndipo idachita osaifunsa, choncho pangano silikugwira ntchito. Kenaka idamvetsera mbali zonse ziwiri kuti ione yolonjeza malo ambiri. Mu April 1915 idasaina pangano lachinsinsi ku London, ndipo mu May idathira nkhondo Austria-Hungary, yomwe idali nayo m'pangano zaka 33.