Kelly Macdonald sanalipire kalikonse kuti alowe m'filimu

Nkhani ya kapepala ija yanditopetsa. Pafupifupi kholo lililonse lobwera ndi mwana ku kalasi yanga ya zisudzo kuno ku Glasgow limaidziwa, ndipo onse amaikamba chimodzimodzi: kunali mtsikana wogulitsa mowa m'bala, anaona kapepala koitanira anthu ku odishoni, mayeso osankhira osewera m'filimu, anapita, basi kutacha anali katswiri. Akamaliza amandiyang'ana, maso akufunsa kuti nanga kapepala ka mwana wawo kali kuti, ndipo kakugulidwa ndalama zingati.

Nkhaniyo ndi yoona, koma amaidula pakati. Kelly Macdonald anabadwira mumzinda uno pa 23 Febuluwale 1976. Ali ndi zaka 19 ankagwiradi ntchito m'bala, sanapiteko kusukulu ya zisudzo, ndipo anaonadi kapepala kofuna mtsikana wosewera Diane mu Trainspotting, filimu ya Danny Boyle imene inatuluka mu 1996. Anasankhidwa, n'kusewera pambali pa Ewan McGregor. Zonsezi sindikutsutsa. Chimene makolo amadumpha n'chakuti odishoniyo inali yapoyera ndiponso yaulere. Palibe anamuuza kuti atumize kaye ndalama yolembetsera, palibe anamuitanira kuchipinda cha hotela usiku. Analowa pamzere ndi atsikana ena ambiri, amene lero palibe akuwakumbuka, chifukwa gawo linali limodzi.

Chachiwiri chimene amadumpha ndi zaka. Mwayi unangomutsegulira khomo, koma chimene chinamukhazika m'nyumbamo ndi ntchito. Onerani Gosford Park ya Robert Altman, ya mu 2001. Iye ndi Mary, kamtsikana kantchito ka mayi wina wolemera amene akuseweredwa ndi Maggie Smith. M'filimumo mwadzaza zimphona za zisudzo za ku Britain, aliyense ndi mawu ake okoma, koma Kelly nthawi zambiri amangoima pakona n'kumamvetsera. Ophunzira anga ndimawauza kuti atseke mawu a filimuyo n'kumangoyang'ana nkhope yake. Kumvetsera pamaso pa kamera n'kovuta kuposa kulira, ndipo ana ambiri amene amabwera kwa ine amafuna kulira tsiku loyamba lomwe.

Mu 2006 analandira mphoto ya Emmy chifukwa cha The Girl in the Café. Chaka chotsatira kunabwera No Country for Old Men ya abale awiri a Coen, momwe anasewera Carla Jean, mkazi wa kumadzulo kwa Texas. Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali ndikamaphunzitsa. Aliyense amene anakwerapo basi ku Glasgow akudziwa mmene anthu akuno amalankhulira. Ife obwera kuchokera ku Malawi timatha miyezi tikungogwedeza mutu osamva kanthu. Ndiye mtsikana wokulira m'kalankhulidwe kotere anachotsa zonsezo pakamwa pake n'kuvala lilime la ku Texas, moti oonera ambiri sanadziwe kuti ndi wa ku Scotland. Zimenezi sizitoledwa panjira. Ndi masabata obwereza mawu amodzimodzi, kuphunzira pamene lilime likhale ndi pamene mpweya udukire, mpaka nsagwada kuwawa. Kumapeto kwa filimuyo amakhala pansi moyang'anana ndi chigawenga chimene akusewera Javier Bardem, chikumuuza kuti asankhe mbali ya kobiri kuti moyo wake udziwike, iye n'kukana. Sakuwa, sagwetsa mipando. Thupi lili phee, mantha onse ali m'mawu. Pofika apo n'kuti patatha zaka 11 chitulukireni filimu yake yoyamba.

Zotsatira zake mukuzidziwa: Margaret, mayi wochokera ku Ireland mu Boardwalk Empire ya HBO, kanema wa ku America, kuyambira 2010 mpaka 2014, mawu a Merida mu katuni ya Brave mu 2012, wapolisi Jo Davidson mu Line of Duty ya BBC mu 2021. Malilime osiyanasiyana, munthu mmodzi.

Tsopano chimene chandilembetsa. Akamberembere nawonso nkhani ya kapepalayi amaidziwa, ndipo amaidziwa bwino kuposa inu.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mtsikana wa zaka 17 m'kalasi mwanga, mwana wa banja lakwathu. Luso anali nalo lenileni, la mtundu uja wosaphunzitsidwa. Mayi ake ankagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, ndalama yake yopeza movutikira. Mwanayo anaona chilengezo pa Instagram: akufuna nkhope zatsopano za filimu imene ijambulidwe ku Scotland, luso silofunika. Munthu wodzitcha ejenti, wopezera ochita zisudzo ntchito, anamuyankha tsiku lomwelo, kumuyamikira kuti ndi amene akhala akumufuna. Anati pafunika ndalama yolembetsera. Mayi analipira. Kenaka ya zithunzi, kwa wojambula wosankhidwa ndi iye yemweyo. Analipiranso. Ine sanandiuze, akuti ankafuna adzandidzidzimutse ndi uthenga wabwino.

Kenaka bambo uja anati gawolo lili ndi malo ena ovula, choncho otsogolera filimu akufuna aone thupi kaye. Mwana atakayika, anamukumbutsa kuti ngakhale Kelly Macdonald anavula m'filimu yake yoyamba, ndiye iye ndani kuti akane. Mwanayo anatumiza zithunzi. Mawa lake nkhani ya filimu inatha, kunayamba ya ndalama: tumiza zakuti, apo ayi zithunzizi zipita kwa anzako onse ndi kutchalitchi kwanu.

Anakhala nazo yekha miyezi itatu. Ndinkaona kuti wasintha, wasiya kukweza dzanja, akuima kumbuyo kwa anzake, koma ndinkati mwina ndi mayeso akusukulu. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandiletsa kumukokera pambali sabata yoyamba yomwe. Tsiku limene anandiuza, anayamba ndi mawu akuti, "Anti, chonde musawauze amami." Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, amayi ako tiwauza limodzi, ndipo wolakwa pano si iwe." Mayi ake atamva anangokhala pansi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndalama ija ndinapereka ndine." Nkhani inapita kupolisi, koma mwanayo ku zisudzo sanabwererenso. Ndimakumana naye nthawi zina m'tauni, amandipatsa moni mwaulemu, nkhani ya sewero sitiitchula.

Ndiye mvetsani, poti ndabwereza izi mpaka mawu kusasa. Ejenti weniweni amadya mukadya inu. Amatenga gawo lake pa malipiro a ntchito imene wakupezerani, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 20 peresenti, ndipo ngati simunapeze ntchito iyenso sapeza kanthu. N'chifukwa chake ejenti weniweni amakana anthu ambiri. Amene akukulandirani pasanathe ola limodzi, asanakuoneni mukusewera, akufuna chikwama chanu. Odishoni ya filimu salipiritsa. Zithunzi zabwino za nkhope n'zofunikadi ndipo zimadya ndalama, koma wojambula mumasankha nokha. Ndipo chonde lekani kundionetsa mawebusaiti okongola ngati umboni. Chikomekome cha mkuyu, mwana wa sekondale akhoza kupanga webusaiti yotero madzulo amodzi. Funsani mayina a anthu amene ejentiyo akuwaimira, muwafufuze ngati alipodi pa Spotlight, kaundula amene osankha ochita zisudzo kuno amagwiritsa ntchito. Mukakayika, bungwe la Equity, la anthu ochita zisudzo, lilipo chifukwa cha zinthu ngati zimenezi.

Za kuvula ndinene mosapsatira. Palibe filimu yoona imene imapempha zithunzi zamaliseche pa WhatsApp kapena pa Instagram, kaya kwa wamkulu kaya kwa mwana. Gawo likakhala ndi malo otero, zimanenedwa poyamba, zimalembedwa mu kontirakiti, ndipo masiku ano pamakhala munthu wapadera woyang'anira kajambulidwe ka malo amenewo. HBO inayamba kuchita zimenezi pa mapulogalamu ake mu 2018. Kelly anali wamkulu, anali pa ntchito yodziwika, pamaso pa gulu lonse lojambula. Kwa munthu wosakwana zaka 18, kupempha kapena kusunga chithunzi chotero ndi mlandu ku Britain konse, zilibe kanthu kuti mwanayo anavomera. Komanso mwana amene sanafike msinkhu wosiyira sukulu sangangotengedwa kukajambulidwa filimu yamalonda kuno ku Scotland popanda chilolezo cha khonsolo ndi munthu womuperekeza. Wina akati bwera wekha, makolo asokoneza, nkhani yathera pomwepo.

Zikachitika kale, mdani wamkulu ndi kuchedwa. Miyezi itatu ya mwana uja ndi imene inapatsa mbava ija mpata wodya kawiri katatu n'kusintha maakaunti. Musalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga chifukwa cha manyazi, umenewo ndiwo umboni. Ajambuleni, sungani dzina la akauntiyo ndi nambala imene ndalama inapita. Imbani kubanki tsiku lomwelo, imbani 101 kupolisi. Kwa ana osakwana zaka 18 kuli njira yotchedwa Report Remove, ya Childline ndi Internet Watch Foundation, yothandiza kuti zithunzi zichotsedwe pa intaneti. Ndipo inu makolo akwathu, ndikudziwa chimene chimayamba kubwera m'mutu: anthu atiyesa chiyani. Mwana amachiona chimenecho pankhope panu musanalankhule, n'chifukwa chake amasankha kufa nazo chamumtima.

Ena amandifunsa kuti nanga ngati kapepala kulibe, mwana alowere kuti. Njira zake n'zosasangalatsa kumva: gulu la zisudzo la achinyamata m'dera lanu, masewero akusukulu, mafilimu aafupi a ophunzira, ndipo kwa amene alimbikira, odishoni ya ku Royal Conservatoire of Scotland, sukulu ya zisudzo ndi nyimbo kuno ku Glasgow. Ma odishoni apoyera ngati uja wa 1995 amachitikabe mwa apo ndi apo, ndipo mukamva za ina mubwere nacho chilengezocho ndichione musanayankhe. Sindilipiritsa kuwerenga kapepala.