Dothi lanu silinafe, tizilombo take sitinamere m'mbale basi

Ndatopa nako kumva mawu akuti "tayeza dothi lanu, mulibe mabakiteriya." Mwezi watha mlimi wina wa soya anandionetsa kapepala kolembedwa zimenezi, atagula kale pamsika botolo la madzi akuda, ati lodzutsa nthaka. Nditafunsitsa, ndinamva kuti woyezayo anaika timbale take tomeretsera tizilombo ta m'dothi pa madigiri 37, nkutaya patatha masiku awiri. Mpaka lero zimandiwawa.

Madigiri 37 ndi kutentha kwa thupi la munthu, koyenera tizilombo ta matenda ta kuchipatala. Ta m'nthaka tinazolowera pozizirirapo, cha m'ma 25, ndipo sitithamanga. Bakiteriya wotchedwa Bradyrhizobium, yemwe amapanga timaanyezi pamizu ya soya, amatha masiku asanu kapena sabata asanaoneke m'mbale. Ena amafuna mwezi, ena miyezi itatu.

Ngakhale mudikire chotani, kuyambira kale akatswiri akudziwa kuti pa mabakiteriya 100 a m'dothi, amene amamera m'mbale wamba nthawi zambiri safika ndi mmodzi yemwe. Cholakwa nchathu. Timawapatsa chakudya chonona kwambiri pamene iwo anakulira m'njala, ndiye othamanga ochepa amadzaza mbale yonse. Sungunulani chakudyacho, muona mitundu yachilendo. Mu 2014 ofufuza a ku Japan anaonetsanso kuti kuphika agar (phala lolimba lomwe tizilombo timamerapo m'mbale) pamodzi ndi mchere wa phosphate kumatulutsa mankhwala otchedwa hydrogen peroxide, omwe amalepheretsa tizilombo kumera. Kungophika chilichonse pachokha, tizilombo timamera tochulukirapo. Ena asiya agar, akugwiritsa ntchito cholimbitsira china chotchedwa gellan gum.

Ofufuza Slava Epstein ndi Kim Lewis a ku Northeastern University ku Boston, ku America, anachita kubweza tizilombo kwawo. Kachipangizo kawo, iChip, kali ndi timaenje ting'onoting'ono, kenje kalikonse kachilombo kamodzi, kenako amakakwirira m'dothi momwemo kuti tizilomboto tidye zomwe tinazolowera. Mwa njira imeneyi, mu 2015 analengeza mankhwala atsopano opha mabakiteriya, teixobactin, ochokera m'dothi la ku Maine, ku America komweko.

Tsono amalume ogulitsa botolo aja, amene alibe ndi mbale imodzi yomwe, adziwa bwanji zomwe zili m'madzi awowo? Botolo lakhala padzuwa tsiku lonse, palibe dzina la kachilombo, palibe tsiku lothera mphamvu. Mlimi uja anathira munda wonse, pamene chimene chimafunika chinali kungozula soya mmodzi, kutumbula timaanyezi ta pamizu nkuona ngati mkati muli mofiirira, chizindikiro choti tizilombo tilimo ndipo tikugwira ntchito.