Nyumba ya m'mbali mwa nyanja imayamba kugonja padenga

Pa 24 Ogasiti 1992, namondwe wotchedwa Andrew anawomba kum'mwera kwa mzinda wa Miami, m'chigawo cha Florida ku America, ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 260 pa ola. Kutacha, nyumba zoposa 25,000 zinali zitaphwasukiratu, ndipo tauni ya Homestead inasanduka bwinja. Ife a ntchito ya zomangamanga timaikumbukira nkhaniyi chifukwa cha zimene akatswiri anapeza atalowa m'mabwinjamo. Malamulo omangira nyumba a kuderalo ankatamandidwa kuti ndi okhwima, koma kukhwima kwake kunathera papepala. Matabwa ena a padenga anali atangogwiridwa ndi timawaya, misomali ina inaphonya phaso n'kumangolendewera, ndipo oyendera ntchito ankavomereza nyumba asanaione bwino.

Kuti mumvetse kuopsa kwa msomali umodzi wophonya, dziwani mmene mphepo imagwetsera nyumba. Ikamadutsa pamwamba pa denga imalikoka m'mwamba, makamaka m'ngodya ndi m'mphepete. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Zenera likasweka kapena chitseko chikatseguka, mphepo imadzaza m'nyumba n'kumakankha denga kuchokera pansi, pomwe ina ikulikoka kunja. Denga likachoka, makoma amatsala opanda chowagwirizanitsa pamwamba, ndipo sachedwa kugwa.

N'chifukwa chake malamulo amene anakonzedwa pambuyo pa Andrew, kuyambira a kum'mwera kwa Florida mu 1994 mpaka a chigawo chonse amene anayamba kugwira ntchito mu 2002, amalimbikira kuti nyumba ikhale ngati unyolo. Chofolera chigwire phaso, phaso limangidwe kukhoma ndi zitsulo, khoma lilumikizidwe kumaziko. Pamene unyolowo waduka, mpamene nyumba imang'ambikira. M'maboma a Miami-Dade ndi Broward, zenera silivomerezedwa lisanayesedwe: amaliwombera ndi thabwa lolemera pafupifupi makilogalamu 4, lothamanga makilomita 55 pa ola, kuyerekeza zinthu zimene namondwe amaulutsa. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri, chifukwa lilibe khoma lalitali la kumutu loti mphepo iligwire.

Madzi ali ndi khalidwe lina, ndipo kawirikawiri ndi amene amapha anthu ambiri kuposa mphepo. Namondwe amakankhira nyanja kumtunda, ndipo madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000. Palibe khoma la nyumba wamba limene lingalimbane ndi mafunde a madzi otere. Nzeru yake ndi kuwapatsa njira. Boma la America limajambula mapu osonyeza pamene madzi angafike pa chigumula chachikulu, ndipo pansi pa nyumba payenera kukhala pamwamba pa mzere umenewo. Kumene kumafika mafunde, nyumba imakhala pa nsichi zozama, chifukwa madzi amakokolola mchenga wa pansi pa maziko osaya. Makoma a m'munsi mwa nyumba yotere amawamanga dala ofooka, kuti mafunde akawamenya athothoke okha osagwetsa nsichi. Eni nyumba amadabwa ndikawauza zimenezi, koma khoma lolimba pamalo amenewo ndi limene limagwetsa nyumba yonse.

Mchere nawo ndi mdani wosaoneka msanga. Mpweya wa kunyanja yamchere umadya misomali ndi zitsulo, mwakuti chomangira chimene chinali cholimba pomanga chikhoza kukhala dzimbiri lokhalokha tsiku la namondwe. Kumeneko pamafunika zitsulo zokutidwa bwino kapena zosachita dzimbiri.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Mu Malichi 2019, namondwe Idai anafika kumtunda pafupi ndi Beira ku Mozambique, mzinda wa pansi kwambiri, n'kusasula madenga a nyumba, sukulu ndi zipatala. Freddy analowera cha ku Quelimane mu Malichi 2023 asanadzatilize ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mawindo a ku Miami ambiri a ife sitingawakwanitse, koma mfundo ya unyolo ndi yotsika mtengo. Waya wokhuthala wopindidwa kawiri kapena hoop iron (lamba wachitsulo wopyapyala), womizidwa mu ring beam (konkire yozungulira pamwamba pa makoma) n'kuzengeza phaso lililonse, amagwira ntchito yomanga denga kukhoma. Malata akhomedwe ndi misomali yambiri m'mphepete ndi pamsonga. Denga la khonde likhale lapalokha, kuti likauluka lisatenge denga la nyumba. Kuchigwa ndi m'mbali mwa nyanja yathu, kwezani maziko kupitirira pamene akuluakulu a pamudzi akukumbukira kuti madzi anafika, ndipo mizere yoyamba ya khoma ikhale ya njerwa zootcha ndi simenti, chifukwa zidina zikanyowa m'munsi zimasungunuka.

Chimene chimandipweteka mtima ndikamayendera ntchito n'chakuti zonsezi zimabisika nyumba ikatha. Pulasitala ndi siling'i zikaikidwa, palibe angaone ngati phaso linamangidwa. Mukamamangitsa, pemphani mmisiri aime kaye denga likangokwera, mukwere naye pamakwerero, muwerenge zomangirazo chimodzichimodzi asanatseke.