Chiyambi cha mkangano wa ntchito zachitukuko m'midzi ya pakati pa Zomba ndi Mulanje

Nyakwawa ikalengeza kuti Lachiwiri m'mawa khomo lililonse litumize munthu mmodzi kukatuta mchenga wa kusukulu, masiku ano sipalephera kupezeka wofunsa ngati pali kangachepe. Akuluakulu funso limeneli limawanyansa, ndipo amati anthu anasokonekera ndi ufulu wa mu 1994, popeza kale mfumu ikaitana mudzi wonse unkatuluka ndi makasu. Achinyamata amayankha kuti ntchito yopanda malipiro ndi thangata, ndiponso kuti ena mwa oitanira anzawo kuntchitoyo amalandira alawansi kumisonkhano ya kuboma. Mkanganowu ndi wakale kuposa ndale za zipani zambiri, ndipo mizu yake imaoneka bwino m'dera la pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Mulanje, kumene anthu anaona ntchito yokakamiza yoipitsitsa, kenaka n'kudzaonanso ntchito yodzipereka imene inatchuka mpaka kunja kwa dziko.

Asanabwere atsamunda, kugwirira limodzi ntchito kunali ndi malamulo ake odziwika. Munthu akachepa manja pamunda ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana dima, ndipo amene wamulimira lero ankadziwa kuti tsiku lake likadzafika nayenso adzalimiridwa. Anthu ankathandizanso kumunda kwa mfumu, koma nkhokwe ya mfumu inali yodyetsa alendo ndi osowa. Kulambula njira ya kumanda, kumanga ulalo wamitengo mvula isanayambe, kukumba manda ndi kuphika pamaliro sizinkafuna malipiro, chifukwa aliyense ankaona ndi maso ake kumene thukuta lake likupita, ndipo wojomba ankadziwa kuti tsiku la tsoka lake anthu adzamukumbutsa.

Zinthu zinasintha pamene Harry Johnston, woimira boma la Britain, anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu ndi makampani awo m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Malo aakulu achonde a ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anasanduka maesiteti, ndipo boma linaikanso msonkho wa nyumba umene unkafuna ndalama zimene anthu ambiri analibe. M'nyengo yomweyo Alomwe ambiri ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo popeza analibe malo awoawo, ankalandiridwa pamaesiteti pa pangano loti azigwira ntchito m'malo mwa lendi. Pa pepala zinkaoneka zopepuka: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa pa esiteti unkawerengedwa ndi tikiti imene kapitawo ankachonga, ndipo tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkalembedwa, motero mwezi unkatalika mpaka kudya nyengo yonse ya dzinja, nthawi imene munda wa mwini wake unkafuna khasu. Ngakhale amayi amasiye ankakakamizidwa. Ili ndilo thangata limene agogo a m'derali anasimbira zidzukulu zawo.

Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira anali William Jervis Livingstone, panachitika chinthu chimene chimasonyeza kuti anthu sankadana ndi ntchito yopanda malipiro mwa iyo yokha. Anthu omwewo amene ankazemba thangata ankadzimangira okha tinyumba topemphereramo ndi tophunziriramo pansi pa mpingo wa Providence Industrial Mission umene John Chilembwe anakhazikitsa ku Mbombwe mu 1900, ndipo oyang'anira esiteti ankatitentha. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe chinamangidwanso ndi manja a akhristu ake. Livingstone anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915, Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo asilikali a boma anaphulitsa tchalitchi chija. Thangata silinathe ndi kuukirako. Lamulo la mu 1928 linangolikonza apa ndi apo, ndipo mkwiyo wa anthu okhala pamaesiteti unaphulikanso ku Thyolo mu 1953.

Pamwamba pa thangata panadzabwera malimidwe. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma linalamula alimi kuunga mizere yopingasa ndi kukumba migula yoteteza nthaka, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Nzeru yake ya ulimi sinali yolakwika kwenikweni, ndipo mizere yopingasa ndiyo alimi ambiri amatsata mpaka lero, koma popeza inabwera ndi mesenjala ndi unyolo, inadedwa kwambiri moti a chipani cha Nyasaland African Congress anaipeza kukhala nkhani yokopera anthu akumudzi. Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi mu 1958 ankadzudzula malimidwe ndi thangata pamisonkhano yake, ndipo thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Boma la Kamuzu litakhazikika linafunanso manja a anthu akumudzi, chifukwa ndalama zomangira sukulu, zipatala zazing'ono ndi misewu ya m'midzi zinali zochepa. Chaka ndi chaka kunkakhala Sabata la Achinyamata, pamene ana a sukulu, a Malawi Young Pioneers (apayoniya), ayufi ndi anthu wamba ankalambula misewu, kuumba njerwa, kukonza milatho ndi kufolera nyumba za okalamba. Amene amakumbukira sabata limeneli mokoma sakunama, pakuti midadada yambiri ya sukulu za pulaimale ndi nyumba za aphunzitsi zinamangidwa motero. Koma si chilungamo kuiwala kuti woitana anali tcheyamani wa chipani chimodzi chokhacho, yemweyo amene ankatsekera anthu pachipata cha msika ngati alibe khadi, ndipo munthu wojomba ankatha kunenezedwa kuti ndi woukira. Mwa anthu amene ankatuluka ndi makasu munali odzipereka ndi amantha omwe, ndipo nthawi imeneyo panalibe njira yowasiyanitsira.

Chimene chimayenera kukumbukiridwa kwambiri m'nyengoyi ndi ntchito ya madzi a m'mipope ochokera m'mapiri. Inayamba mu 1968 ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, motsogozedwa ndi Lindesay Robertson wa ku nthambi ya boma yoona za chitukuko cha m'midzi. Nzeru yake inali yosavuta: mtsinje wa m'phiri umene suphwa chilimwe umatchingidwa pamwamba, kumene kulibe midzi kapena minda yoipitsa madzi, ndipo madziwo amatsika okha m'mapaipi mpaka m'mathanki ndi m'mipope ya m'midzi popanda injini, dizilo kapena magetsi. Boma ndi mabungwe othandiza ankabweretsa mapaipi, simenti ndi amisiri ochepa, pamene ngalande zonse, zimene kutalika kwake kunkafika makilomita ambirimbiri, zinkakumbidwa ndi eni mudzi. Poyamba anthu ankakayika kuti madzi angayende okha mtunda wotero, n'kukwera ngakhale zitunda. Madzi atatuluka ku Chingale, atsogoleri a ntchitoyi anatenga mafumu a madera ena kukaona okha ndi kukamva kwa anzawo, ndipo ndi mmene ntchito inafikira ku Chambe ndi madera ena a Mulanje ndi chigwa cha Phalombe, isanafalikire m'zigawo zonse za dziko.

Kayendetsedwe kake ndiko kanali ndi luso. Ntchito isanayambe pankachitika msonkhano wa anthu onse pamaso pa mafumu, kumene ankauzidwa poyera zimene boma lidzachite ndi zimene iwo adzachite. Pankasankhidwa komiti yaikulu, pansi pake makomiti a nthambi za mapaipi, kenaka komiti ya mudzi uliwonse, ndipo mudzi unkapatsidwa tsiku lake pa sabata ndi ndime yake yoyezedwa. Midzi yonse inkayamba yakumba ngalande yaikulu yochokera kuphiri isanakumbe nthambi zake, choncho wa pafupi ndi phiri ankakumbira wa kutali, wa kutali n'kukumbiranso wa pafupi. Ntchito yaikulu inkachitika chilimwe anthu atakolola, kusiyana ndi thangata limene linkalanda munthu nthawi ya kupalira. Malo oika mpope ankasankha ndi eni mudzi, ndipo mpope uliwonse unkakhala ndi komiti yake yosamala ukhondo ndi kusonkhetsa tindalama togulira mutu wa mpope ukatha. Anthu ena ankaphunzitsidwa kulumikiza mapaipi akaphulika, ndipo ankagwira ntchitoyo osalandira kanthu. Mafumu ndi atsogoleri a chipani ankakankha ndithu anthu aulesi, izi sitingabise, koma zidzukulu za anthu amene ankathawa kapitawo zinakumba ngalandezo mwezi ndi mwezi chifukwa mapeto ake anali madzi pafupi ndi khomo, ndipo amayi amene ankalawirira kudambo ndi ndowa sankafuna wowakakamiza.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kulandidwa zida kwa apayoniya ndi asilikali mu Disembala chaka chomwecho, ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinachotsa mantha, ndipo Sabata la Achinyamata linathera pomwepo. Andale ena a nthawiyo, pofuna kusonyeza kuipa kwa ulamuliro wakale, ankauza anthu kuti ntchito zodzithandiza zinali thangata ndipo boma latsopano lidzawachitira zonse. Mawu amenewa anagwa m'makutu okonzeka kale. Tsoka lake anabwera pa nthawi imene manja ankafunika kuposa kale, popeza maphunziro aulere a pulaimale a mu 1994 anakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo.

MASAF (Malawi Social Action Fund, thumba la ndalama za chitukuko cha m'midzi), imene inayamba ntchito chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ngongole ya World Bank, inayenda ndi njira ziwiri nthawi imodzi. Pomanga sukulu kapena chipatala, mudzi unkasankha komiti, kuumba njerwa, kututa mchenga ndi miyala mwaulere, ndipo ndalama zinkagula simenti, malata ndi kulipira amisiri. Koma pantchito za mthandizi, monga kukonza misewu, anthu ankalipidwa, cholinga chake chili chothandiza mabanja osauka. Njira zonse ziwiri zinali ndi zifukwa zomveka, koma kwa munthu wa m'mudzi zinabala funso lovuta kuyankha: ngati msewu uwu tinaulambula chaka chatha n'kulandira ndalama, chifukwa chiyani chaka chino tiulambule ulere? Mabungwe amene anachuluka m'zaka zomwezo anazoloweretsanso anthu alawansi ya pamsonkhano ndi botolo la chakumwa, moti bungwe lobwera chimanjamanja linkapeza mabenchi opanda anthu. Amene amadzudzula achinyamata a lero ayenera kuvomereza kuti mtengo pa ntchito ya m'mudzi anauika ndi akuluakulu a m'maofesi.

Komabe m'zaka zomwezo, pamene anthu ankati mtima wodzipereka wafa, Edzi inali itagoneka anthu m'nyumba zambiri, ndipo zipatala zinkabweza odwala kumudzi chifukwa chosowa malo. Amene ankawasambitsa, kuwaphikira phala ndi kuwachapira anali anthu ongodzipereka a m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, ndipo anagwira ntchito imeneyo zaka zambiri mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zimayendabe ndi alezi osalipidwa. Adzukulu sanasiyepo kukumba manda. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, oyamba kufukula matope ndi makasu ndi manja anali oyandikana nawo. Anthu sanaleke kugwira ntchito yaulere. Amangoyamba afunsa kuti phindu lake lipita kwa yani ndipo woitanayo akudyapo chiyani.

Dongosolo limene likanayankha funso limeneli linakhazikitsidwa pa pepala ndi lamulo la maboma aang'ono la mu 1998, limene linatsegula njira yoti zofuna za anthu zizichokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kudzera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo. Koma makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, ndipo m'zaka zimenezo thumba la chitukuko cha m'dera la phungu linazoloweretsa anthu kuti mlatho ndi mphatso ya olemekezeka. Malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, ngakhale ali ndi cholinga chabwino choteteza mitengo, anachotsanso chopereka chimene mudzi wosauka unkatha kupereka mosavuta. Tsiku losesa limene Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa mu Novembala 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, linayamba ndi chidwi koma m'malo ambiri linazilala msanga.

Mipope ya m'mapiri nayo inadutsa m'mavuto omwewa. Chiwerengero cha anthu chinakula kuposa chimene mapaipi anayezedwera, mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje ya kumtunda inadulidwa moti matope anayamba kutseka potengera madzi, amisiri a boma oyendera mizere ya mapaipi anachepa, ndipo okonza mapaipi aulere anakalamba popanda owalowa m'malo. Midzi ya kumapeto kwa mizere ndiyo inayamba kuuma. Lero ambiri mwa madongosolo amenewa ali m'manja mwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene amasankha komiti, kulemba amisiri olipidwa ndi kutolera ndalama mwezi uliwonse pa mpope kapena pa khomo. Kumene komiti imawerenga poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, anthu amalipira ndipo paipi ikakokoloka amabwera kudzakumba. Kumene siwerenga, okalamba amakana kulipira ponena kuti ngalandezo anakumba okha mu nthawi ya Kamuzu ndipo anauzidwa kuti madziwo ndi awo, ndipo mlanduwo umakathera pabwalo la a gulupu.